Silikoni wanga wachita mbuu, ndalakwitsa pati?

Mayi wa sopo: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimapanga zikombole zoumbira sopo ndi silikoni wamadzi, uja wobwera m'zigawo ziwiri, A ndi B, zomwe ukazisakaniza zimauma ngati mphira. Kadontho kotsalira pasupuni kakauma kamaonekera bwinobwino ngati galasi. Koma dzulo ndathira wokwana masentimita 4 m'kapu, duwa lapulasitiki lili pansi, wangoti mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Duwalo silikuoneka n'komwe. Kapena anandigulitsa wokhalitsa?

Wamagalasi: Ayi mayi, si kukhalitsa. Mu silikoni wambiri amathiramo ufa wa silika wosalala kwambiri kuti akauma asamang'ambike msanga. Ufawo ndi umene umamwaza kuwala. Pakadontho kuwala kumangodutsa, koma silikoni akachuluka kuya, chifungacho chimaunjikana. Wolembedwa "optically clear" (woonekera ngati galasi) ndiye amaonekera ngakhale akhale wochindikala, kungoti ambiri otere sachedwa kung'ambika. Pa zikombole za sopo, ine sindingatayirepo ndalama.

Mphwanu wa makandulo: Muunikenso ndi tochi, mwina muona tithovu ting'onoting'ono. Silikoni wonanda ngati uchi amagwira mpweya, ndipo thovu lochokera pansi limachedwa kukwera. Kukatentha amagwirana msanga thovulo lili m'njira. Ine ndimatakasa pang'onopang'ono, kenako ndimathira ndili patali, azitsika ngati ulusi, pakona imodzi yokha. M'mamawa kusanatenthe.

Mayi wa sopo: Achimwene, mwandigwira! Ndinatakasa ngati ndikuphika phala, dzuwa likuswa mtengo. Ndaunika, tithovu tili mbwee m'munsimu.