Kodi lamulo la nkhondo limalola kupha anthu wamba angati?

Nachisale88:
Abale ndithandizeni. Pa nyuzi timangomva bomba lagwera nyumba, afa amayi ndi ana, kenako akuluakulu a asilikali amvekere ife timasaka mdani yemwe anabisala momwemo ndiye sitinalakwe. Ndiye kuti pali chiwerengero chovomerezeka eti, kuti mdani mmodzi aphedwe limodzi ndi anthu wamba angati? Ine ndimaganiza kuti za ku Geneva zija zinaletseratu kupha munthu wopanda mfuti.

Mbewe_L:
Chiwerengero palibe achemwali. Choletsedwa kotheratu ndi kulunjika dala anthu wamba. Koma ukamaomba malo a nkhondo enieni, monga nkhokwe ya zida, pamabwera ndime 51 ya Additional Protocol I ya 1977, yomwe inaonjezera pa mapangano a Geneva a 1949. Imati komanda aone kaye, ngati anthu wamba amene akuyembekezeka kufa kapena kuvulala achuluka mopitirira muyeso poyerekeza ndi phindu lenileni lomwe apeze pa nkhondoyo, asaombe. Ndipo khoti limayang'ana zimene iyeyo ankadziwa pa nthawi yolamulayo, osati mitembo yomwe yawerengedwa kutacha.

Gologolo:
Apo ndi pamene ine ndimati lamuloli lilibe mano. Mu 1999 NATO, mgwirizano wa asilikali a mayiko a ku Ulaya ndi America, inaphulitsa nyumba ya TV ya boma ya RTS ku Belgrade, likulu la Serbia, usiku, anafa anthu 16, amakina, alonda, mpaka mayi wodzola anthu zokongoletsa nkhope asanalowe pa kamera, koma komiti ya ICTY, khoti la UN loweruza milandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia, inati palibe chofufuza. Ku Kunduz nako, m'dziko la Afghanistan, mu 2009, a Taliban analanda matankala awiri a mafuta n'kukatitimira nawo mumchenga wa mtsinje, anthu a m'midzi akhamukirako ndi zigubu kukatapa mafuta, Colonel Georg Klein wa ku Germany n'kuitanitsa ndege zoponya mabomba, anthu wamba n'kufa. Mu 2010 oimira boma pa milandu kwawoko anatseka nkhani ati iye sankadziwa kuti pali anthu wamba. Woombayo ndi yemwenso amayeza, mukuti zingayende bwanji?

Mbewe_L:
Akulu sindikutsutsani kwenikweni, komabe kusadziwa si pothawira paulere ayi. Ndime 57 ya Protocol yomweyo imamukakamiza komanda kuchita chilichonse chotheka kuti atsimikize chomwe akuombacho, asankhe chida ndi nthawi yoti anthu afe ochepa, achenjeze anthu ngati n'kotheka, ndipo asiyire panjira akaona kuti zasintha. Ngakhale mdani abisale dala pakati pa anthu wamba, zomwenso ndi mlandu paokha, iweyo udindo wako suchoka. Povuta ndi ku ICC, khoti la milandu la padziko lonse, chifukwa Rome Statute ya 1998, yomwe inakhazikitsa khotilo, imafuna kuti kupitirira muyesoko kuoneke poyera ndiponso kuti woombayo ankadziwa, umboni wake ndiye uli m'mafayilo a asilikali omwewo.

Nachisale88:
Zikomo, ndamva tsopano. Nanga mafayilo amenewo akakana kuwatulutsa amawakakamiza ndani?