Ma tabuleti 12 ndawaika Type-C, pa chaja ya C to C onse akukana

Benchi ya ku Limbe:
Anzanga ndithandizeni msanga, zandivuta. Sabata yatha abwana ena a pa sukulu ina anandibweretsera ma tabuleti 12, aja a 8 inch a micro USB. Mapini onse anali ogwedera, mukudziwa ana mmene amasololera chingwe. Anati ndiwasinthire onse akhale a Type-C chifukwa agula chaja yaikulu ya mabowo ambiri, C to C yokhayokha (zingwe za mutu wa Type-C mbali zonse ziwiri). Ndinazula ma micro, ndinakulitsa bowo la pa kava ndi fayilo, ndinaika ma female (mabowo a Type-C) a 6 pin, VBUS (mwendo wa moto, +5V) ku VBUS, GND (negative) ku GND, kenako UV glue pamwamba kuti zisagwederenso. Pa benchi ndinayesa ndi chingwe cha A to C (USB wamba mbali ina, Type-C mbali inayo), onse 12 anayatsa chizindikiro, tester inkawerenga 5V ndi 0.46A, pang'onopang'ono koma akulowa. Ndinapereka, anandipatsa theka la ndalama. Lero m'mawa andiimbira kuti palibe ngakhale imodzi yomwe ikutchaja. Ndapita ndekha, ndalumikiza, zii. Ndaika foni yanga pa bowo lomwelo ndi chingwe chomwecho, ikutchaja. Ndabwera nawo onse, akuwafuna Lolemba ndipo ndalama yotsala akuti aigwira kaye. Ndatsegula awiri, solda ili bwino, short palibe. N'chiyani chimenechi?

Madala a ku Bwalo la Njobvu:
Vuto ndi chajayo. Ine ntchito ino ndinaiyamba nthawi ya Nokia 3310, chaja ukaika mita umapeza moto, basi. Ngati pa A to C akulowa ndiye kuti ntchito yanu mwagwira. Auzeni abwanawo agule chaja ya mabowo a USB wamba ndi zingwe 12. Musatsegulenso.

Benchi ya ku Limbe:
Madala, chajayo anaigula modula, sangaisiye. Ndipo ndanena kale kuti foni yanga ikutchaja pomwepo.

Mayi a Microscope, Mzuzu:
Achimwene, tayang'anani bwino ka female kanuko. Pa miyendo 6 ija, iwiri ya kunja ndi GND, iwiri yotsatira ndi VBUS, iwiri ya pakati ndi CC1 ndi CC2, yomwe chaja imadziwira kuti pali chomwe chalumikizidwa. Ndikukhulupirira kuti ya pakatiyo mwaisiya m'malere. Vuto lili pamenepo.

Bowo la USB-A limakhala ndi 5V nthawi zonse, kaya mwalumikiza kanthu kaya ayi. N'chifukwa chake pa benchi panu zinayenda. Bowo la Type-C la pa chaja si choncho: VBUS imakhala yotseka mpaka chajayo itaona resistor ya 5.1k pakati pa CC ndi GND ku mbali ya chipangizo chofuna kutchajidwa. Ikapanda kuiona, kwa iyo ndiye kuti palibe chomwe chalumikizidwa. Foni yanu ili nayo mkati, ma tabuleti anuwo alibe chifukwa anapangidwira micro.

Muike ma resistor awiri pa tabuleti iliyonse, 5.1k kuchoka pa CC1 kupita ku GND, ina 5.1k kuchoka pa CC2 kupita ku GND. Pa SMD (tima resistor tating'ono towotcherera pamwamba pa bodi) imalembedwa 512 kapena 5101. Pamenepo chaja ipereka 5V yokha, yomwe tabuletiyo ikufuna.

Madala a ku Bwalo la Njobvu:
Ma resistor 24, pansi pa UV glue yoti yauma kale, pafupi ndi batire? Mayi, mukumutuma mnyamatayu ntchito yoopsa. Zingwe 12 zikanathetsa nkhaniyi lero lomwe.

Wa ku Joni:
Mayiwa anena zoona, koma ine ndichenjezepo chinthu china, chifukwa ndikudziwa kuti wina abwera muno n'kunena kuti ikani trigger board, kabodi komwe kamapempha chaja volteji yomwe kaikidwa. Chaka chatha kuno ndinalandira sipika ya kasitomala ya micro yomwe inkafunika kusinthidwa chimodzimodzi. Resistor ndinalibe, mu kabati munali timabodi ta PD trigger (PD ndi Power Delivery, njira yomwe chipangizo chimapemphera chaja ya Type-C volteji yoposa 5V). Ndinati kameneka kali ndi CC kale, kandithandiza. Sindinayang'ane ma pad a kuseri, kanali koikidwa pa 12V. Pa chaja ya USB-A zinayenda bwino chifukwa kumeneko kulibe PD. Kasitomala atafika kunyumba analumikiza pa chaja ya laputopu, kabodi kanapempha 12V, chaja inapereka. IC ya chaja inaphulika mpaka kuboola pamwamba, ka capacitor ka pambali kanasanduka makala. Ndinalipira sipika yatsopano kuchokera m'thumba mwanga. Pa chipangizo cha 5V musaikepo trigger musanayeze ndi mita pa chaja ya PD yeniyeni.

Benchi ya ku Limbe:
Mayi zikomo, ndaona, miyendo ya pakati ili pamtunda ndithu sinagunde kalikonse. Koma 5.1k ndili nazo 9 zokha. Ndingalumikize CC1 ndi CC2 pamodzi n'kuika imodzi? Malo ndi ochepa kwambiri mmenemu.

Mayi a Microscope, Mzuzu:
Ayi, musayerekeze. Njira imeneyo inagwetsapo anthu akuluakulu. Raspberry Pi 4 itatuluka mu 2019 inali ndi vuto lomweli, CC1 ndi CC2 zinagawana resistor imodzi. Pa zingwe wamba inkayaka, koma pa zingwe za e-marker, zija zochindikala za 5A zomwe zimabwera ndi ma laputopu, inkakana. Chingwe choterocho chili ndi resistor yakeyake ya pafupifupi 1k pa mwendo winawo. Mukalumikiza miyendo iwiri ija pamodzi, 5.1k ndi 1k zimaphatikizana n'kutsika pansi pa 1k, chaja n'kuganiza kuti mwalumikiza adaputa ya mahedifoni, ndiye sipereka moto. Anachita kukonza pa revision yotsatira ya bodi. Inu simukudziwa kuti ku sukuluko mawa adzatola chingwe chanji.

Komanso musaike imodzi pa CC1 pokha n'kusiya CC2. Idzatchaja mbali imodzi yokha, mwana akatembenuza chingwe idzakana, ndipo adzakuimbiraninso.

Wa pa Depoti, Zomba:
Ya mbali imodziyo ndinaiona ndi maso anga. Anabwera agogo ena ndi wailesi ija ya sola, akuti mdzukulu wawo anawauza kuti azilumikiza chingwe chizindikiro chikuyang'ana kumwamba. Anachita kudinda kadontho ka utoto wa m'zikhadabo pa chingwe kuti asaiwale mbali. Nditatsegula ndinapeza resistor imodzi ilipo, pad inayo ili mbee, sinaikidwe n'komwe kufakitale. Zinthu zambiri zotchipa za Type-C zikubwera choncho, matochi, ma shaver, timafani. Bowo ndi la C koma mkati ndi micro yomwe ija.

A Limbe, ngati 512 zakutherani, 472 imagwira. 4.7k ili mkati mwa malire a 10% a 5.1k, ngakhale ili kumapeto, ndiye muiyeze kaye isanalowe, ikawerenga pansi pa 4.6k itayeni. Pa ma motherboard akale a kompyuta ndi ma decoder akufa 472 ndi zosayamba. Koma musatsike kufika ku 1k kapena kulumikiza CC ku GND ndi waya, sizigwira.

Madala a ku Bwalo la Njobvu:
Mwaona? Tayamba kale kuzula ma resistor pa zinyalala kukaika mu katundu wa sukulu. Ine ndikubwerezanso, zingwe za A to C. Mnyamatayu akapsereza bodi imodzi yokha, phindu lonse la ntchitoyi lapita.

Wa ku Joni:
Madala, nanunso zingwe za A to C sizoti ndi zoyera zonse. Chingwe choyenera chimakhala ndi 56k mkati mwa mutu wa C. Zambiri zotchipa anaikamo 10k, yomwe imauza foni kuti ikoke mpaka 3A, pomwe chaja ya USB-A ya kale singakwanitse, imangotentha. Benson Leung wa ku Google anayamba kuyesa zingwe zimenezi mu 2015, ndipo mu 2016 chingwe china chomwe mawaya a VBUS ndi GND anasemphanitsidwa chinamuwonongera Chromebook Pixel yake. Ndiye mukati zingwe 12, munene kuti zingwe zake ziti.

Madala a ku Bwalo la Njobvu:
Zabwino zilipo, amene amadziwa kugula amazipeza. Mfundo yanga ndi yoti chingwe chikavuta umataya chingwe, bodi ikavuta umalipira tabuleti.

Achemwali a ma Cover, Kasungu:
Ine sindine wa solda kwenikweni, ndimagulitsa ma cover ndi magalasi, koma pa nkhani ya glue ndilankhulepo. UV glue musaikolope ndi hot air batire ili momwemo. Mnzanga wa shopu yoyandikana nane anatero pa tabuleti ya mwana wa kasitomala, batire ija yopyapyala yomatidwa kuseri kwa sikirini inayamba kutupa ali chigwirire, fungo lake lotsekemera lija linadzaza shopu yonse. Anathamanga nayo panja n'kuiponya mu mchenga. Ma tabuleti otchipawa batire yake nthawi zambiri ndi ya mawaya awiri owotcherera pa bodi, palibe konekita yoti muzule. Muchotse waya wofiira kaye ndi kuukulunga tepi.

Mayi a Microscope, Mzuzu:
Achemwali anena bwino. Glue ipaleni ndi bledi pansi pa galasi, pang'onopang'ono, mungofuna miyendo iwiri ija iwonekere. Hot air siikufunika, nsonga yopyapyala ya soldering iron ndi flux zakwana. Ngati resistor ya saizi ya 0603 sikulowa, ikani resistor pambali pamene pali GND, monga pa chitsulo cha poti, n'kukoka ka jumper kupita ku CC. Musanatseke yezani: CC1 ku GND 5.1k, CC2 ku GND 5.1k, ndipo pakati pa CC1 ndi CC2 mita isalire, iwerenge pafupifupi 10k. Mukapeza 2.5k pakati pa CC ndi GND ndiye kuti solda yagwirizanitsa miyendo iwiriyo. Chenjerani kwambiri ndi VBUS, ili moyandikana ndi CC, kadontho kamodzi ka solda kakhoza kutumiza 5V ku CC ya chaja ya eni ake.

China, poyesa musadalire tester. Ma tester ena ali ndi 5.1k yawoyawo mkati, chaja imatsegula chifukwa cha tester, inu n'kumasangalala kuti zatheka. Lumikizani tabuleti pa chaja mwachindunji, mbali zonse ziwiri za chingwe, ndi zingwe ziwiri zosiyana.

Wa pa Depoti, Zomba:
Palibe amene wanenapo za 0.46A ija. A Limbe, imeneyo si yabwino. Pa 6 pin palibe D+ ndi D- (miyendo ya data), ndiye ma pad a data pa bodi mwawasiya opanda kanthu, tabuleti ikuganiza kuti ili pa poti ya kompyuta, ikungokoka pansi pa 500mA. Batire ya 4000mAh pa liwiro limenelo ndi maola oposa 8, ndipo ana akamaigwiritsa ntchito ili pa chaja peresenti siikwera. Ena amalumikiza D+ ndi D- pamodzi pa bodi kuti ione ngati chaja ya kukhoma, imakoka bwino, koma dziwani kuti ikadzalumikizidwa pa laputopu idzakokanso chimodzimodzi. Komanso mwataya data. Tsiku lomwe imodzi idzaime pa logo, mudzaiflasha (kuikamo software yatsopano) ndi chiyani? Ine ndikanaika 16 pin kuyambira pachiyambi.

Benchi ya ku Limbe:
Eish, za data sindinaganize, abwanawo anangoti zizitchaja. 16 pin ndilibe, ndipo bowo ndinapala kale pa saizi ya izi. Ndiyamba ndi imodzi usiku uno magetsi akabwera, azima kuyambira masana.

Madala a ku Bwalo la Njobvu:
Mwamva tsopano, data yatayika, liwiro latsika, glue, batire. Zonsezi chifukwa chothawa micro. Pini ya micro yatsopano mukanaika mphindi 10 imodzi, data ilipo, chaja iliyonse ikugwira. Kasitomala akabwera ndi maganizo ake si onse owavomera.

Wa ku Joni:
Madala, micro ikutha, tivomereze. Ku European Union kuyambira pa 28 December 2024 mafoni ndi ma tabuleti atsopano akuyenera kukhala a USB-C, ndipo Apple yomwe inasintha pa iPhone 15 mu 2023. Ma chaja omwe akubwera tsopano ambiri ndi a bowo la C. Ntchito yosinthayi ichuluka, bola tiiphunzire bwino. Ine masiku ano ndimagula timabodi ta Type-C tomwe tili ndi 5.1k ziwiri kale, koma ndimayezabe kalikonse, chifukwa mu paketi imodzi ndinapezamo tina ta resistor imodzi yogawana.

Madala a ku Bwalo la Njobvu:
Ku Ulaya ndi ku Ulaya. Kuno pa benchi panga theka la mafoni obwera akadali a micro, ndipo zingwe zake zili pa kona iliyonse.

Achemwali a ma Cover, Kasungu:
Poti akatswiri mwasonkhana, ndifunseko changa. Magalasi a ma tabuleti a 8 inch osadziwika dzinawa sapezeka, ndimadula hydrogel pa makina, koma pa ena touch ikumachedwa ndikamata ija ya matte. Ndi filimu kapena ndi sikirini zake?

Wa pa Depoti, Zomba:
Yesani muli pa chaja ndi musali pa chaja. Touch yambiri yopenga ndimaipeza ndi chaja yopanda filter yabwino, osati filimu. Ikamachedwa ngakhale mwazula chaja, yesani ija yowala yopyapyala, ma digitizer otchipa samva bwino pansi pa filimu yochindikala.

Mayi a Microscope, Mzuzu:
A Limbe, yoyamba ija yatheka? Mukayeza mutiuze CC yawerenga zingati mbali zonse ziwiri.

Wa pa Depoti, Zomba:
Amene ali ndi 512 za 0603 zambiri ku Blantyre anene, inenso zanga zatsala pang'ono.