Kwacha inagwa ndi 44% kapena 30.6%? Ndithandizeni ndisanabweze makope

Sala wa masamu Fomu 3: Anzanga ndithandizeni. Lachisanu ndinapatsa ana homuweki ya mapelesenti, funso linali loti mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kodi kwacha inagwa ndi mapelesenti angati. Ine yankho langa 44% monga tonse tinamvera pa wailesi nthawi ija. Kalasi yonse yalemba 44 koma kamtsikana kena kokhala kumbuyo pawindo kalemba 30.6, ndakalakwitsa ndi bolopeni yofiira, ndiye pa buleki kabwera ndi kope kuti sala onaninso, ndayang'ana mzere ndi mzere sindikupeza polakwika. Makopewa ndibweza mawa.

Madamu a Business Studies: Asala mwanayo wakhoza. Kusiyana ndi K520 inde, nkhani ndi yoti mukugawa ndi chani. 520 kugawa ndi 1,180 ndi 44%, umenewo ndi mtengo wa dola mmene unakwerera. 520 kugawa ndi 1,700 ndi 30.6%, imeneyo ndiye mphamvu imene kwacha inataya. Funso lanu linafunsa za kwacha.

Sala wa ku CDSS: Koma madamu dziko lonse linati 44, manyuzi, wailesi, aliyense. Tiwauza ana kuti onsewo analakwa?

Madamu a Business Studies: Ayi achimwene, 44 ija si bodza, amawerengera kumbali ya dola basi. Taganizani munali ndi K118,000 m'thumba pofuna kukaoda katundu kunja, isanagwe mumapeza nayo madola 100 ndendende, itagwa ndalama yomweyo ikukupatsani madola 69 ndi masenti 41. Pa 100 pachoka 30.59, si 44.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Ana anga, ine ndinkayambira pa tomato dola isanabwere pa bolodi. Mulu wa K500 ukafika K1,000 mtengo wakwera ndi 100%. Ndiye funsani kalasi, kodi K1,000 yanu yataya mphamvu 100%? Akati eya muwafunse ngati pamsika sikugulanso kanthu. Dzulo imagula milu iwiri lero umodzi, yataya theka. Akagwira apa za 1,700 zija sizivutanso. Vuto ana athu amaloweza kuti kusiyana kugawa ndi nambala yoyamba, koma sadzifunsa kuti yoyamba ya chani.

Sala wa ku CDSS: Apo ndamva bambo, ya tomatoyo ndaitenga. Nanga ana ambiri aja olemba 44 atani? Kuwadula onse ndi nkhanza poti anatsata zimene anamva.

Madamu a Business Studies: Asawadule. Funso lilembedwenso pawiri, (a) dola inakwera ndi mapelesenti angati, (b) kwacha inataya mphamvu yochuluka bwanji. Olemba 44 apatsidwe malikisi a (a), (b) akaichite kunyumba ndi K118,000 ija.

Sala wa masamu Fomu 3: Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Ndafufuta kale chofiira chija ndamuikira malikisi ake onse. Mawa piriyodi yoyamba ndimupatsa choko awonetse anzake pa bolodi mmene anapezera 30.6, ine ndiyamba ndi tomato wa abambowa. Madamu nditumizireni ku inbox mafunso ena awiri otere, makamaka la kukwera kwa mtengo wa feteleza, ambiri mwa anawa makolo awo ndi alimi.