Kupalasa kayaki ku Lofoten: wotsogolera ndi wofunikadi?

Mlendo_Bodø:
Moni nonse. Anzanga akuntchito kuno ku Bodø, kumpoto kwa Norway, andiumiriza kuti kumayambiriro kwa Julayi tiwoloke pa sitima kupita ku Moskenes, pa zilumba za Lofoten, tikapalase kayaki (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi) ku mudzi wa Reine ndi munthu wotitsogolera. Mtima ukufuna ndithu, koma kusambira ndimangodziwa pang'ono, ndipo nkhafi sindinaigwirepo. Inu amene munapitako, chimakoma n'chiyani kwenikweni? Nanga wotsogolerayo ntchito yake n'chiyani, poti mapiri ndingathe kuwaona ndekha?

Mpalasi68:
Achemwali, pitani, musazengereze. Ife tinanyamuka cha m'ma 9 koloko usiku dzuwa likadali mbee, chifukwa kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka pakati pa Julayi kumeneko silimalowa. Mu kayaki mumakhala pansi penipeni, madzi ali m'chiunomu, phiri litachita kutuluka m'nyanja n'kuima njo pamutu panu. Pa sitima yaikulu simungalione chonchi. Chimene chinandigwira mtima ndi bata. Titasiya kupalasa, tinkangomva madontho akugwa kuchokera ku nkhafi. Pansi madzi anali oyera moti ndere zazitali zinkaoneka zikugwedezeka. Kenako wotsogolera wathu anangoloza ndi chala osayankhula: nkhwazi ya mchira woyera, mapiko ake oposa mamita awiri, inadutsa pafupi mpaka ndinamva mphepo ya nthenga zake. Ndikanakhala ndekha, maso anga akanakhala pa nkhafi basi. Oyamba kumene amawaika mu kayaki ya anthu awiri, yotakata, yosagubuduka wamba.

MayiWaKuTromsø:
Zokomazo n'zoona, koma mwana wanga, mvetsani za madzi. Ngakhale m'chilimwe sapitirira kwenikweni madigiri 12 kapena 13. Munthu akagweramo mpweya umabanika nthawi yomweyo, manja n'kuuma, ngakhale akhale katswiri wosambira. N'chifukwa chake musanalipire funsani ngati akupatseni drysuit, chovala cha thupi lonse chosalowa madzi, pamodzi ndi jekete yoyandamitsa. Wotsogolera amadziwa mphepo imene imatsika mwadzidzidzi kuchokera m'mapiri, amadziwa nthawi yodzaza ndi yophwera nyanja, ndiponso amatha kukubwezerani mu kayaki muli pakati pa madzi. Kumapeto kwa zilumbazo kuli Moskstraumen, malo oopsa kwambiri amene madzi amathamanga mozungulira mwamphamvu, ndipo kumeneko oyamba sawafikitsako. Komanso obwereketsa ambiri ku Norway sakupatsani kayaki yopita nokha popanda Våttkort, chiphaso chosonyeza kuti munaphunzira kupalasa.

Mlendo_Bodø:
Zikomo amayi, za kubanikazo sindinkazidziwa. Kodi ndiwauze zoti sindisambira bwino? Ndikuopa kuti andikana.

MayiWaKuTromsø:
Auzeni lero lomwe, polembetsa pomwepo. Akadziwa, wotsogolerayo amapalasa pafupi nanu, mwinanso kukwera nanu kayaki imodzi. Mutengenso chipewa chaubweya ndi zovala zouma zosinthira mukatuluka m'madzi.