N'chifukwa chiyani kadamsana amaloseredwa molondola koma mvula ya sabata yamawa ayi?

Nagama: Abale, pali nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu. Akatswiri a zakuthambo amatha kutchula tsiku, ola ngakhalenso mphindi imene kadamsana adzachitike kudakali zaka zambirimbiri, koma a zanyengo akatiuza kuti kuwala dzuwa, nthawi zina timayanika zovala mtima uli m'malo, kenako n'kukazianula zitanyowa. Onsewa amadalira masamu ndi makompyuta, ndiye kusiyanaku kukuchokera pati?

Chisale: Mayi Nagama, dzuwa, mwezi ndi dziko lapansi zimayenda motsatira mphamvu yokoka imene masamu ake amadziwika bwino, ndipo zosokoneza ulendo wake n'zochepa. Mwachitsanzo, mu 1705, katswiri wa zakuthambo Edmond Halley anazindikira kuti nyenyezi ya mchira imene inaoneka mu 1531, 1607 ndi 1682 inali imodzi yomweyo, choncho analosera kuti idzabweranso cha mu 1758. Iye anamwalira mu 1742, koma nyenyeziyo inaonekadi pa Khirisimasi ya 1758.

Mbewe: A Chisale anena zoona, koma mpweya ndi nkhani ina. Mu 1961, katswiri wa zanyengo Edward Lorenz ankayeserera za nyengo pa kompyuta, ndipo atafuna kubwereza ntchito ina, analowetsa 0.506 m'malo mwa 0.506127, poganiza kuti manambala akumapetowo alibe ntchito. Poyamba zotsatira zake zinkafanana ndi zakale, koma pang'onopang'ono zinapatukana mpaka kupereka nyengo ina yosiyaniratu. Popeza palibe amene angayeze kutentha, chinyezi ndi mphepo pamalo paliponse popanda kuphonya ngakhale pang'ono, kacholakwika kakang'onoko kamakula tsiku ndi tsiku, moti pakadutsa pafupifupi milungu iwiri, kulosera nyengo ya tsiku lenileni sikuthandizanso. Ndiwonjezere kuti ifenso timawamva molakwika a zanyengo. Akanena kuti mwayi wa mvula ndi 30 pa 100 alionse, akutanthauza kuti pa masiku 10 otere, mvula imagwa pa masiku atatu, ndipo tsiku lanu lochapa likhoza kukhala limodzi mwa atatuwo.

Nagama: Zikomo a Mbewe, mwanditsegula maso. Nanga zolosera za chuma ndi zisankho, n'zofanana ndi za mvula?

Mbewe: Ine ndimaona kuti n'zovuta kuposa pamenepo, chifukwa mitambo simva zimene zanenedwa pa wailesi, pamene anthu amamva n'kusintha zochita. Mphekesera yakuti banki igwa ikafalikira, aliyense amathamangira kukatapa ndalama zake, ndipo bankiyo imagwadi ngakhale inali bwinobwino. Palinso vuto la amene afunsidwa. Mu 1936, magazini ya ku America ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulengeza kuti Alf Landon apambana pa chisankho cha pulezidenti, koma mayina ambiri inawatenga m'mabuku a anthu okhala ndi telefoni ndi galimoto, pa nthawi imene osauka ambiri analibe zinthuzi. Franklin Roosevelt, amene ankapikisana ndi Landon, ndi amene anapambana m'zigawo 46 mwa 48 za dzikolo.