Mumtima ndimakana, pakamwa pamatuluka "chabwino"

Tiyanjane_K:
Abale, ndithandizeni nzeru. Kuntchito kuli mnzanga amene amafika pa desiki yanga nthawi yoweruka ikayandikira, mafayilo kumanja, chikwama paphewa kale, n'kuti "tangondimalizirani izi, ndili ndi kopita." Mumtima ndimakana, pakamwa pamatuluka "chabwino". Iye ulendo, ine wotseka ofesi. Za malipiro ndiye musanene. Kalata yopempha kuti andikwezere ndinalemba kalekale, ikungokhala mu kompyuta. Ndikangoganiza abwana akuti ayi, thukuta m'manja. Kodi mantha amenewa amatha?

Mphunzitsi_Wopuma:
Achemwali, ululu wa kukanidwa si wodzipangitsa. Mu 2003, wofufuza Naomi Eisenberger ndi anzake ku yunivesite ya UCLA ku America anajambula ubongo wa anthu akusewera gemu yoponyerana mpira pa kompyuta. Masewero ali mkati, osewera enawo anasiya kuwaponyera mpira, ndipo mbali ya ubongo imene imatekeseka munthu akamamva kupweteka m'thupi inatekesekanso. Choncho thukutalo ndi lenileni.

Koma thupi limazolowera. Albert Ellis, katswiri wa zamaganizo wa ku America, ali ndi zaka 19 ankanjenjemera akaona atsikana. Anadzilamula kuti kwa mwezi wathunthu azipita kumunda wa maluwa ku Bronx, mumzinda wa New York, n'kuyambitsa macheza ndi mkazi aliyense amene wakhala yekha pa benchi. Anayandikira akazi oposa 100. Mmodzi yekha anavomera zodzakumana naye, ndipo tsikulo sanabwere n'komwe! Mantha okha ndi amene anatha. Inunso yambani kupempha tinthu timene akakukanizani simutaya kanthu.

Dada_wa_Awiri:
Aphunzitsi anena bwino, koma mnzanu wa mafayiloyo sadikira mwezi, mawa lomwe abweranso. Muuzeni kuti "lero sindikwanitsa", basi, mutseke pakamwa. Musapereke chifukwa. Mukati mutu ukupweteka akupatsani panado, mukati muli ndi ntchito yanu ati yakeyo ndi yochepa. Chifukwa chilichonse chimene mungatchule, iye achipezera mankhwala. Akaumirira, bwerezani mawu omwewo, osakweza mawu, osaseka. Kuseka ndi kumene kumatigulitsa ambirife. Padzakhala kachete kosautsa, inu maso pa kompyuta. Mwina akukwiyirani. Akwiye, anazolowera zaulere.

MayiPhiri_HR:
Ine ndili mbali inayo, makalata oterewa amafika pa tebulo langa. Mwana wanga, sindinadanepo ndi munthu chifukwa wapempha. Ndikati ayi, nthawi zambiri vuto limakhala bajeti, ndipo pofika masana ndimakhala ndili pa zina. Komanso musadziyankhe nokha. Ochita kafukufuku Vanessa Bohns ndi Francis Flynn ankatuma anthu kukapempha tinthu kwa anthu osawadziwa, monga kubwereka foni. Otumidwawo ankayembekezera kukanidwa kwambiri, koma ovomera ankachuluka kuposa mmene ankaganizira, chifukwa kukana n'kovuta kwa wopemphedwayonso. Inu ndinu mboni.

M'kalatamo chotsanimo "pepani povutitsa". Lembani ntchito zimene mwawonjezera ndi ndalama imene mukufuna. Akakana, funsani kuti mukwaniritse chiyani, ndipo mudzakambiranenso mwezi uti.

Tiyanjane_K:
Zikomo nonse. Mayi Phiri, "pepani" ndamupeza ndime iliyonse, ndikuchotsa pano. Nanga ndingotumiza pa imelo, kapena ndiyambe ndapempha kaye kuonana nawo?

MayiPhiri_HR:
Kaonaneni nawo, kalata ili m'manja. Imelo imakanidwa mosavuta.