Gemu yoyendetsa bizinesi ya makina a magemu akale: ndiyambe ndi iti?

Wa_ku_Lizulu:
Akuluakulu, ndikufuna gemu yoti munthu uzikhala mwini wake wa malo osewerera magemu, aja a makina ataliatali oponyamo kobiri ngati tebulo la pool. Osati kungosewera Pac-Man ayi, koma kugula makina, kuika mitengo ndi kutolera ndalama. Ndamva za Arcade Paradise ndi Arcade Tycoon. Zikusiyana pati? Nanga pa laputopu wamba zingatheke? Netiweki ya kuno mukuidziwa.

Maseko_NU:
Achimwene, yambani ndi Arcade Paradise. Inatuluka mu 2022, anaipanga ndi a Nosebleed Interactive, ndipo ilipo pa kompyuta, PlayStation, Xbox ndi Switch. Koma dziwiranitu kuti poyamba simupatsidwa malo a magemu. Mumakhala Ashley, mwana amene bambo ake amusiyira shopu yochapira zovala yotchedwa King Wash, m'zaka za m'ma 1990. Makina a magemu amakhala ochepa, kukachipinda kakumbuyo.

Tsiku limayenda chonchi. Mukatsegula, tolerani zinyalala, matulani chingamu chimene anthu amata m'mipando, ndipo chimbudzi chikatsekeka chitseguleni, chifukwa zonsezi zimalipira. Kenako ikani zovala m'makina ochapira. Wotchi ya pamkono ikalira, zisamutsireni m'makina oumitsira. Mukachedwa kuzichotsa, malipiro a basiketi imeneyo amatsika. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amangokhalira kuthamangira zovala tsiku lonse, poganiza kuti ndalama zili kumeneko. Zovala n'zongoyambira chabe. Makina a magemu akachulukako, zisiyeni ziunjikane, inu khalani kumbuyo kuja.

Chifukwa chake n'chakuti makina alionse amabweretsa ndalama malinga ndi kutchuka kwake, ndipo kutchukako kumakwera inuyo mukamawasewera ndi kukwaniritsa zolinga zimene gemu iliyonse ili nazo. Ndiye kusewera Racer Chaser kapena Strike Gold sikutaya nthawi, ndiyo ntchito yeniyeniyo. Magemu onse amapitirira 35, ndipo onse amaseweredwa ndithu, si zithunzi chabe.

NaPhiri_Bembeke:
Zimene anena aMaseko n'zoona, koma asiya zinthu zitatu zimene zimadya phindu mwakachetechete.

Choyamba ndi kabokosi kogweramo makobiri. Kali ndi malire. Kakadzaza, makinawo sawonjezeranso kanthu ngakhale anthu aziwasewera, choncho muzizungulira n'kumakhuthula, makamaka aja otchuka. Ndipo ndalama ya m'thumba simungagulire chinthu mpaka mutaiika mu sefa ya mu ofesi, bokosi lachitsulo losungiramo ndalama. Makina atsopano mumaitanitsa pa kompyuta ya mu ofesi momwemo, amafika mawa lake m'mawa. Mukaiwala kuitanitsa musanatseke, tsiku lathunthu lapita.

Chachiwiri ndi mtengo. Makina alionse mungawasinthe mtengo wa ulendo umodzi komanso kuvuta kwake. Musakweze zonse nthawi imodzi. Sinthani chimodzi, onani chiwerengero cha ndalama pa ola, kenako sinthani chinacho. Gemu yovuta imatha msanga, munthu n'kuponyanso kobiri ina, koma ikavutitsitsa kapena ikadula kwambiri anthu amaithawa. Malo oimika nawonso ali ndi ntchito: makina osakondedwa mukawayandikiza kwa otchuka, amakokedwa nawo. N'chimodzimodzi wogulitsa tomato kukhala pafupi ndi pamene basi imaima.

Chachitatu, makina amawonongeka. Akazima thamangirani pomwepo, mutsegule, muchotse tizilombo tokwawa pa bolodi. Nthawi yonse imene ali chizimire sakulowetsa kanthu.

Kulinso ndalama ya mtundu wachiwiri, mapaundi, imene mumapeza pomaliza ntchito zolembedwa za tsikulo. Imeneyo sigula makina, imagula zokuthandizani, monga wantchito wokhuthula makobiri m'malo mwanu.

Jere_wa_pa_Boma:
Ine ndikutsutsaniko pang'ono, amwene. Wafunsayu akufuna bizinesi, pamene Arcade Paradise n'njofewa kwambiri pa mbali imeneyo: kuluza n'kovuta, palibe chokupanikiza. Wofuna kuwawa mutu apeze Arcadecraft ya Firebase Industries, ya mu 2013. Mumayamba mu 1980 ndi ngongole yoti mubweze, makina amakalamba n'kusiya kukopa anthu, makobiri amakakamira, kasitomala wokwiya amamenya makina mpaka mumutulutse. Nzeru yake ndi kudziwa nthawi yogulitsa makina akale asanagwe mtengo. Arcade Tycoon nayo mumaionera pamwamba, n'kumalemba antchito ndi kukonza kaimidwe ka malo, koma magemuwo simuwasewera nokha ngati mu Paradise.

Za laputopu: Arcade Paradise ndi ya 3D, mumayendamo ngati mukuona ndi maso anu, ndiye laputopu yopanda graphics card, kachipangizo koyendetsa zithunzi, ingathe kumakokakoka. Tsitsani resolution (kuoneka bwino kwa zithunzi) ndi mithunzi. Ziwiri zinazo n'zopepukirapo. Mukagula pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, yesani msanga, pakuti amabweza ndalama ngati masiku 14 sanakwane ndipo simunasewere maola opitirira 2. Mufunika khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula pa intaneti. Netiweki ndi yongokoperera basi, pambuyo pake Steam ili ndi offline mode, yosewerera popanda intaneti.

Komanso musatengere mitengo ya m'gemu ku shopu yeniyeni ya PlayStation ya pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off. M'gemumo magetsi sathima, jenereta safuna petulo, ndipo palibe mwana wothyola controller n'kuthawa.

Wa_ku_Lizulu:
Zikomo nonse. AJere, laputopu yake ndi ya RAM ya 8GB, yopanda graphics card. Ndiyesa Paradise m'maola 2 amenewo, ikakana nditenga Arcadecraft.